Pilates, chakudya ndi nyanja: njira zisanu zokapumulira ku Mangochi

Mng'ono wanga amagwira ntchito ya mu ofesi ku Limbe. Tsiku lonse amakhala pampando, ndipo pofika madzulo msana umakhala utauma gwa ngati thabwa. Mwezi watha ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha azimayi akuchita mafizo a Pilates kunyanja, atagona pamchenga miyendo ili m'mwamba, m'munsi mwake atalemba mtengo m'madola. Funso lake linali lakuti, "Achemwali, inu muli konko ku Mangochi, zimenezi n'zoti munthu angaperekere ndalama?" Pafoni ndinangomuyankha kuti zimatengera. Yankho lathunthu ndi lino, ndipo ndalilembera aliyense amene akuganiza zobwera kuno kudzaongola msana, kudzadya bwino ndi kudzapumako phokoso la m'tauni.

Pilates n'chiyani kwenikweni

Pilates ndi dzina la munthu. Joseph Pilates anabadwira ku Germany mu 1883. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anatsekeredwa pamodzi ndi anthu a kwawo pachilumba cha Isle of Man, ndipo m'chitsekerero momwemo, mopanda malo okwanira, ndi momwe anakonzera bwino mafizo akewa. Mu 1926 anasamukira ku New York, kumene anthu ovina ankapita kwa iye akavulala. Buku lake la mu 1945 lili ndi mafizo 34 ochitira pansi, opanda makina aliwonse. Makina otchuka aja otchedwa reformer, omwe ndi kabedi kotsetsereka kokhala ndi masipuling'i ndi zingwe, amathandiza ndithu, koma gwero la zonse ndi thupi la munthu, mpweya wake ndi malo oti agone n'kutambasula manja.

Mafizowa amalimbitsa minofu ya m'kati mwa mimba, ya m'chiuno ndi ya mumsana. Amachitika modekha, uku ukuwerengera mpweya. Kafukufuku amene anasonkhanitsidwa ndi a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, mu 2015 anapeza kuti Pilates imachepetsa ululu wa msana poyerekeza ndi kungokhala, koma sanapeze umboni wogwira mtima woti imaposa mafizo ena. Mimba sichepa pa masiku atatu, ndipo amene akukulonjezani zimenezo akufuna ndalama zanu basi.

Muyeso womwe ndagwiritsa ntchito

Njira iliyonse mwa zisanu zomwe zili m'munsimu ndaiyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, ndipo ndikatero ndikunena ndalama zonse kuchokera potseka chitseko cha kwanu mpaka kudzachitsekulanso: mafuta kapena basi, pogona, chakudya, mphunzitsi, boti, ndalama yolowera kupaki ndi mankhwala. Sindilemba ziwerengero za makwacha, chifukwa chichokereni Novembala 2023, pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo wolembedwa lero umakhala wabodza pakangotha miyezi yochepa. Chachiwiri ndi kupezeka kwake. Chachitatu ndi kupitiriza, kutanthauza chimene chimatsala m'thupi ndi m'chizolowezi chanu mukabwerera. Chachinayi ndi zoopsa.

Pa zinayi zonsezi, ine mtima wanga uli kwambiri pa chachitatu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuonjezapo mafizo olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Mawu ofunika pamenepa ndi akuti pa sabata. Ulendo umene sukusiyirani chochita Lolemba lotsatira unali tchuthi chabe, ndipo tchuthi mungachipeze motsika mtengo.

Mphunzitsi mufufuzeni. Mu 2000 khothi la ku New York linagamula kuti dzina la Pilates si la kampani iliyonse, choncho aliyense atha kudzitchula mphunzitsi wake, kaya anaphunzira masiku awiri pa intaneti kaya chaka chathunthu. Maphunziro okwanira, a pansi ndi a makina omwe, amatenga maola osachepera 450. Mufunseni komwe anaphunzira komanso kuchuluka kwa anthu amene amaphunzitsa nthawi imodzi. Onaninso ngati iyeyo akukufunsani za matenda anu musanayambe. Mphunzitsi amene sakufunsani za BP, shuga, pakati kapena opaleshoni yomwe munachitidwa, ameneyo musamupatse msana wanu.

Chakudyanso chiyezeni ndi muyeso womwe timaudziwa kale wa magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Mbale ya mpunga kapena nsima ya mgaiwa, utaka wowotcha, nkhwani wotendera ndi papaya pambali imakwaniritsa pafupifupi zonse. Zoti munthu azingomwa madzi a zipatso masiku atatu kuti "atsuke m'thupi" zilibe maziko. Ntchito yotsukayo amaigwira ndi chiwindi ndi impso, ndipo kwa munthu amene akumwa mankhwala a shuga kusala koteroko kungamugwetse.

Zimene Mangochi amapereka kwa aliyense, zabwino ndi zowawa zomwe

Kuno n'kotentha. Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, ndipo mafizo a panja amatheka m'mamawa wokha, isanakwane 8 koloko. Nyengo yabwino kwa ine ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pomwe usiku umagona bwino ndipo udzudzu umachepako. Koma miyezi yomweyo ndi ya mwera, mphepo yochokera kum'mwera imene imavundula nyanja mosayembekezeka. Asodzi akakana kulowa pamadzi, nanunso musalowe, ngakhale mutalipira kale boti.

Malungo ndi enieni. Amishoni a Livingstonia anayamba ku Cape Maclear mu 1875, koma pofika 1881 anali atasamukira ku Bandawe chifukwa cha matendawa, ndipo manda a ena mwa iwo mukawaona m'mbali mwa njira yopita ku Otter Point. Neti yonyikidwa m'mankhwala ndi yofunika usiku uliwonse. Mukabwerera kwanu thupi n'kutentha, kayezetseni tsiku lomwelo.

Likodzo ndilo anthu ambiri a m'tauni salilabadira. Tizilombo take timachulukana mu nkhono za m'madzi osaya, odekha, okhala ndi bango kapena udzu, makamaka pafupi ndi midzi, ndipo timalowa pakhungu munthu akungosamba. Kawirikawiri sumva chilichonse tsiku limenelo. Magazi mumkodzo amabwera mochedwa, ndipo kwa ena sabwera n'komwe koma matenda ali m'kati. Kusambira kwakuya, kutali ndi mudzi, kumachepetsa chiopsezo koma sikuchichotsa. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa molingana ndi sikelo ya munthu, ndipo sagwira bwino pa tizilombo tomwe sitinakhwime. N'chifukwa chake kuwamwa mawa lake mutangochoka kunyanja sikuthandiza. Dikirani milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, kenaka pitani kuchipatala.

Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unasautsa kwambiri boma lino, ndipo sitinaiwale. Kumene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja kupita ku Malombe kuli ng'ona ndi mvuu, choncho kumeneko n'koyang'ana ndi maso basi.

Pali china cha ulemu. Anthu ambiri a kuno ndi Achiyao, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Zovala zothina za mafizo zili bwino m'kati mwa mpanda, koma potuluka kupita kumsika kapena m'mudzi mangirani chitenje. Ngati m'gulu lanu muli Asilamu, nyama ya halal siivuta kuno, koma munene msanga.

Njira yoyamba: m'bindikiro wokonzedwa kale

Uwu ndi uja wa pachithunzi. Wina wakonza zonse: pogona paloji, chakudya katatu, mafizo m'mawa ndi madzulo, mwina ndi ulendo wa paboti. Inu mumangolipira n'kunyamula chikwama.

Mtengo. Mwa njira za m'dziko muno, iyi ndiyo yodula kwambiri, ndipo kawirikawiri mtengo umalembedwa m'madola. Gawo lalikulu la ndalamazo limapita kuchipinda ndi kukhitchini, osati kwa mphunzitsi. Funsani zomwe zili kunja kwa mtengowo: mayendedwe, zakumwa, msonkho, ndalama yolowera kupaki, komanso yoonjezera ngati mukufuna kugona nokha m'chipinda. Funsaninso ngati pali mtengo wa Amalawi wolipira m'makwacha, pakuti malo ambiri a kunyanja amakhala nawo koma sautchula ukapanda kufunsa.

Kupezeka kwake. Malo oti n'kuchitirapo alipo ambiri m'mbali mwa msewu wa M10 kuchokera pa Boma kukafika ku Monkey Bay, kuphatikizapo mahotela akulu odziwika monga Sunbird Nkopola ndi Makokola, kudzanso maloji ang'onoang'ono a ku Cape Maclear. Chosowa ndi aphunzitsi. Ambiri amachokera ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kunja, ndiye mibindikiro yotereyi imabwera mwa apo ndi apo, pa masiku amene wokonzayo wasankha. Ina imalembedwa kuti Pilates koma ukafika umapeza yoga kapena mafizo wamba odziongola. Zimenezo n'zabwino pazokha, koma si zomwe munalipira. Makina a reformer ndi olemera komanso odula, choncho wina akalonjeza kuti alipo, pemphani chithunzi chake ali pamalopo.

Kupitiriza. Apa zimadalira mphunzitsi. Wabwino amakusiyirani mafizo asanu kapena asanu ndi limodzi oyenera thupi lanu, olembedwa kapena ojambulidwa pafoni yanu. Akapanda kutero, pakatha milungu iwiri mumangokumbukira kulowa kwa dzuwa. Chakudyanso chingakhale cha zinthu zoitanitsa kunja zomwe simudzazipeza pamsika wa kwanu.

Zoopsa. Chachikulu ndi gulu lochuluka. Ndinakhalapo pa m'bindikiro wina pomwe tinali oposa makumi awiri, mphunzitsi mmodzi ali kutsogolo. Mayi wina wachikulire kumbuyo kwanga ankadzutsa mutu ndi mphamvu ya khosi m'malo mwa ya m'mimba, ndipo palibe anamuona. Tsiku lachiwiri sanathe kutembenuza khosi, anangokhala pakhonde ndi thaulo lonyowa. Anthu akaposa khumi, maso a mphunzitsi sangafike kwa aliyense. Chinanso ndi dipoziti. Isanachoke m'foni mwanu, imbirani pamalopo mutsimikize kuti masikuwo anasungitsidwadi, ndipo mupemphe zolembedwa zofotokoza chimene chidzachitike ngati m'bindikiro walephereka.

Njira yachiwiri: gulu la anzanu, nyumba yobwereka ndi mphunzitsi woitanitsa

Iyi ndiyo ndimaikonda, ndipo sindibisa. Anthu asanu ndi mmodzi mpaka asanu ndi atatu, kaya a ku ofesi, a kumpingo kapena a banki mkhonde, amasonkherana, amabwereka nyumba ya kunyanja cha ku Namiasi, ku Makawa kapena ku Nkope, amaitana mphunzitsi mmodzi, ndipo amadziphikira kapena kulemba wophika wa konkuno.

Mtengo. Nyumba imalipiridwa yonse, ndiye mukachuluka aliyense amapepukidwa. Mphunzitsi mumamulipira ntchito yake, mayendedwe, pogona ndi chakudya. Musamupondereze, pakuti iyeyo ndiye mwini ulendo wonse. Chakudya chimatsika mtengo kwambiri mukagula kuno: usipa, utaka ndi mcheni kudoko m'mawa, tomato, therere ndi bonongwe pamsika, mtedza wosinja, mbatata, malambe opangira chakumwa, ndipo ikakhala nyengo ya mango simusowa chotsekemera. Chambo chokha n'chodula ngakhale kuno kwawo, chifukwa chachepa m'nyanja. Kumapeto kwa chaka boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti nsombazi ziswane, ndiye wina akakubweretserani tiana ta chambo nthawi imeneyo, kanani.

Kupezeka kwake. Nyumba zilipo, koma pa Pasaka, pa Khirisimasi ndi pa 6 Julaye zimadzaza msanga. Kugona pakati n'kuyambirira. M'kati mwa sabata mumapeza malo mosavuta, nthawi zina motsika mtengo. Kuchokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde pa M3 ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kufika pa Boma. Ochokera ku Lilongwe amatsikira ku Golomoti kapena kudzera ku Salima. Mafuta akamavuta m'dziko, thirani okwanira kupita ndi kubwerera. Pemphaninso zithunzi zatsopano za gombe la nyumbayo. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri mpaka kulowa m'malo ogona ambiri, ndipo mchenga umene uli pa zithunzi zakale mwina kulibe.

Kupitiriza. Apa ndi pomwe njirayi imapambana zinzake. Gulu lathu tinali asanu ndi awiri, ndipo mphunzitsi anali ndi nthawi yogwada pambali pa aliyense. Kwa ine anaika dzanja lake pansi pa msana, pamwamba pa chiuno, n'kunena motsitsa kuti, "Mayi, musakanikize dzanja langali, komanso musalithawe. Pumirani m'nthiti, mimba ikokereni m'kati pang'ono ngati mukumanga chitenje." Ndinali nditachita mafizo amenewo miyezi ingapo motsatira vidiyo, koma minofu yomwe inagwira ntchito m'mawa umenewo inali yachilendo kwa ine. Ndinaimva ikunjenjemera pansi pa mchombo. Mawu a chitenjewo ndimawakumbukirabe ndikamanyamula ndowa. Kuonjezera apo, anthu amene munapita nawo mumabwerera nawo. Mutha kumakumana Loweruka m'mawa, n'kumasonkha pang'ono kuti mphunzitsi azikuonani kamodzi pamwezi.

Zoopsa. Ntchito yokonza imagwera munthu mmodzi, kawirikawiri mayi, ndipo iyeyo amabwerera ali wotopa kuposa momwe anapitira. Gawanani ntchito musananyamuke. Ndalama za gulu zilembedwe poyera. Ena amatuluka m'gulu kwatsala sabata imodzi, choncho gwirizanani msanga kuti yosungitsira malo siibwezedwa. Magetsi akazima pampu ya madzi imaimanso, ndiye funsani za jenereta, sola ndi thanki. Palinso chiyeso chomwe tonse timachidziwa: sipika, bokosi la zoziziritsa ndi kanyenya mpaka pakati pa usiku. Kusangalala si kulakwa, koma mugwirizane kuti usiku wa phwando ndi umodzi wokha, wotsiriza.

Njira yachitatu: kudzikonzera wekha ku Cape Maclear

Munthu mmodzi kapena awiri, kachipinda kotsika mtengo m'mudzi wa Chembe, mphasa ya labala m'chikwama ndi mavidiyo m'foni.

Mtengo. Mwa njira zonse zofuna ulendo, iyi ndiyo yotsika. Minibasi imakufikitsani ku Monkey Bay, kenaka njinga yamoto kapena galimoto ya matola imakudutsitsani m'mapiri mpaka ku Chembe. Zoonjezera ndi ndalama yolowera ku Lake Malawi National Park, yomwe Amalawi amalipira yocheperapo, kudzanso boti kapena kayaki. Mavidiyo atsitsireni kunyumba, chifukwa netiweki ya kumeneko imatha kukudyerani bandulo popanda chooneka.

Kupezeka kwake. Chaka chonse, pa tsiku lomwe inu mwasankha. Ndipo pa nkhani yoyendetsa thupi, malowa ndi olemera kuposa jimu iliyonse. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna zamitundumitundu zomwe zimakhala m'miyala. Kupalasa kayaki kupita kuchilumba cha Thumbi kumagwiritsa ntchito minofu yomweyo ya m'mimba ndi mumsana imene Pilates imafuna. Kuyenda wapansi kupita ku Otter Point, kukwera phiri ndi wolondolera wa m'mudzimo, kuyandama pamwamba pa mbuna uku ukumva mpweya wako wokha, zonsezi ndi mafizo odekha. Ofuna bata lenileni amakagona kuzilumba za Domwe kapena Mumbo, koma kumeneko mtengo umakwera ndipo chipatala chimatalikira.

Kanthu kena kakang'ono: mchenga ndi wokongola pachithunzi, koma si wabwino kuchitirapo Pilates. Umaterera pansi pa chiuno, ndipo msana susunga mzere wake. Pezani khonde la simenti kapena la matabwa, muyale mkeka pansi, mphasa pamwamba. Ndiponso gombe la Chembe ndi malo a ntchito. Dzuwa lisanatuluke asodzi amakhala akufika ndi usipa, azimayi akuyanika pathandala, ena akutsuka mbale ndi kuchapa. Bata mudzalipeza kumapeto kwa gombe, osati pakati pa mudzi.

Kupitiriza. Zimene mwachita nokha kunyanja mungathenso kuzichita nokha pabalaza. Vuto ndi lakuti mukalakwitsa, mumapitiriza cholakwikacho.

Zoopsa. Palibe wokukonzani. Amene sanaphunzirepo ndi munthu wamoyo ayambe wapeza maphunziro awiri kapena atatu kutauni asanabwere. Likodzo ndi lodziwika bwino ku Cape Maclear, makamaka kutsogolo kwa mudzi. Pamadzi valani jekete yoyandamitsa, musapalase nokha, ndipo muuze apamalo anu komwe mwalowera. Ku Chembe kuli chipatala chaching'ono, koma zazikulu zimafuna ku Monkey Bay kapena pa Boma. Loweruka nyimbo zimalira mpaka usiku kwambiri, ndiye wofuna tulo asankhe pakati pa sabata.

Njira yachinayi: kunja kwa dziko

Ndaiikapo chifukwa ena amafunsa za South Africa, Zanzibar kapena Bali.

Mtengo. Ndege, pasipoti, inshuwalansi ndi ndalama zakunja, zomwe kuzipeza kubanki masiku ano ndi ntchito payokha. Ndalama za ulendo umodzi wotere zingalipire mphunzitsi wa gulu lanu kwa miyezi yambiri.

Kupezeka kwake. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town malo okhala ndi reformer ndi aphunzitsi odziwa ntchito ndi ambiri, ndipo mumasankha tsiku lililonse.

Kupitiriza. N'kofooka, chifukwa makinawo amatsala komweko, pokhapokha ngati mukupita kukaphunzira uphunzitsi kuti mudzaphunzitse ena kuno.

Zoopsa. Kulipira pa intaneti kwa anthu omwe simungawatsate, ndi kudwalira kwa eni opanda inshuwalansi.

Njira yachisanu: osapita kulikonse

Iyi ndi ya ife okhala konkuno, aphunzitsi, anamwino, amalonda a pa Boma, a ku Namwera ndi ku Malindi, amene nyanja timaiona tsiku lililonse koma sitiganiza kuti ingatipumitse.

Mtengo. Mkeka, chitenje chopinda kawiri ndi bandulo ya kamodzi.

Kupezeka kwake. Mphindi 20 m'mawa ana asanadzuke, katatu pa sabata. Madzulo kuyenda mofulumira kuchokera pansanja ya wotchi ya Queen Victoria, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kubwerera. Kamodzi pamwezi, tsiku lathunthu kugombe, foni itazimitsidwa, ndi chakudya chophika kunyumba. M'mwezi wa Ramadan osala atha kuchita mafizo opepuka madzulo atamasula.

Kupitiriza. Palibe njira yoposa iyi ngati yagwira, koma kugwira kwakeko n'kovuta. Kunyumba kuli mbale, alendo, maliro ndi ana. Kupeza mnzanu mmodzi woti muzigogodana pachitseko kumathandiza kuposa vidiyo iliyonse.

Zoopsa. Kudzichiritsa wekha ululu umene ukufunika dokotala. Msana ukamapweteka mpaka kutsikira kumwendo, mwendo ukamachita dzanzi kapena kufooka, mkodzo ukamavuta kuugwira, kapena ululu ukabwera ndi kutentha thupi ndi kuonda, imeneyo si nkhani ya mphasa. Pitani kuchipatala, ndipo mupemphe kuonana ndi a mafizo.

Ndani atenge iti

Ngati simunachitepo Pilates, muli ndi ndalama koma mulibe nthawi yokonza zinthu, tengani m'bindikiro wokonzedwa kale, bola anthu asapose khumi ndipo mwalankhulana ndi mphunzitsi mwini wake musanalipire. Ngati muli ndi anzanu odalirika ndipo cholinga chanu ndi chizolowezi chokhalitsa, sonkheranani mutenge njira yachiwiri, m'kati mwa sabata, pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Amene amadziwa kale mafizowa ndipo chomwe akusowa ndi bata ndi mpweya wabwino, Chembe akumuyembekezera, ndipo alembe pakalendala tsiku lokayezetsa likodzo. Wofuna kudzakhala mphunzitsi, kapena amene ali kale ndi ulendo wa ntchito ku Johannesburg, aonjezere masiku awiri akaphunzire pa reformer. Wa thumba lopyapyala kapena wokhala kuno ayambe ndi mkeka mawa m'mawa.

Mayi woyembekezera, wochira opaleshoni yoberekera, wachikulire wa mafupa ofooka, wa BP yokwera kapena wa shuga ayambe walankhula ndi dokotala wake, kenaka asankhe pakati pa njira yoyamba ndi yachiwiri zokha, pomwe pali munthu womuyang'anira. Woyembekezera asagone chagada nthawi yaitali mimba ikakula, ndipo wa mafupa ofooka apewe mafizo opinda msana kutsogolo mwamphamvu. Okhala ndi ana aang'ono asankhe nyumba ya mpanda yomwe khomo lake silitsekukira kumadzi.

Mng'ono wanga uja wasankha yachiwiri. Apezana asanu ndi mmodzi a ku ofesi kwawo, akusonkha mwezi ndi mwezi kuti adzabwere mu Juni, ndipo ine andipatsa ntchito yokaona nyumba ziwiri ku Makawa ndi kukambirana ndi mayi wodzawaphikira.